Nyengo ya Kukhumudwa Kwakukulu pa Matenda a Bipolar: Kabuku ka Mabanja a ku Cannington ndi Madera Oyandikana Nawo

Bipolar ndi matenda a maganizo amene amachititsa kuti mtima wa munthu, mphamvu za thupi lake ndiponso tulo take zisinthe kwambiri kwa masabata kapena miyezi, mopitirira kutali chisangalalo ndi chisoni chimene munthu aliyense amakumana nacho. Matendawa ali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi nyengo yokwera, imene madokotala amaitchula kuti mania, pamene munthu amagona maola ochepa koma osatopa, amalankhula mofulumira mosapatsa mnzake mpata, amadziona kuti angathe chilichonse, ndipo amamwaza ndalama kapena kuchita zinthu zimene sangazichite ali bwino. Nyengoyi ikakhala yocheperako, yosafika pomulepheretsa ntchito kapena pomugoneka m'chipatala, imatchedwa hypomania. Mbali yachiwiri ndi nyengo yotsika, ndiyo kukhumudwa kwakukulu, pamene mphamvu, chidwi ndi chiyembekezo zimatheratu. Munthu amene anadwalapo mania, ngakhale kamodzi kokha, amanenedwa kuti ali ndi bipolar ya mtundu woyamba, pomwe amene amakhala ndi hypomania ndi kukhumudwa kwakukulu, osafikapo pa mania, ali ndi ya mtundu wachiwiri.

Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo kafukufuku wa boma la Australia wa zaka za 2020 mpaka 2022 anapeza kuti anthu pafupifupi 2 pa 100 alionse a zaka 16 mpaka 85 anali ndi zizindikiro zake m'miyezi 12 ya m'mbuyo. Kawirikawiri matendawa amayamba munthu akutha msinkhu kapena ali m'zaka za m'ma 20, ndipo amayenda m'magazi, kutanthauza kuti amene kholo kapena m'bale wake anadwalapo ali pachiopsezo chokulirapo, ngakhale kuti ana ambiri a odwala sadwala n'komwe.

Anthu amakumbukira nyengo yokwera chifukwa imabwera ndi phokoso, ngongole ndi manyazi, koma gawo lalikulu la moyo wa wodwala limathera m'nyengo yotsika. Kafukufuku wina wa ku United States, wotsogoleredwa ndi Lewis Judd ndi kufalitsidwa m'chaka cha 2002, anatsatira odwala a mtundu woyamba kwa zaka pafupifupi 13 ndipo anapeza kuti pa masabata 100 alionse, pafupifupi 32 anali a zizindikiro za kukhumudwa, pomwe a kukwera anali pafupifupi 9 okha; lipoti la m'chaka chotsatira linaonetsa kuti odwala a mtundu wachiwiri amatha pafupifupi theka la masabata awo ali otsika. Nyengo yachete imeneyi ndiyo imene mabanja a Amalawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe okhala ku Cannington, Queens Park, Beckenham ndi Bentley, mumzinda wa Perth ku Australia, sachedwa kuitcha kupukwa kwawo, kutopa ndi mashifiti kapena ulesi, ndipo kulakwitsa kumeneku kumatayitsa miyezi imene munthu akanakhala atayamba kuchira.

Mmene nyengo yotsika imaonekera panyumba

Madokotala amanena kuti munthu ali m'nyengo ya kukhumudwa kwakukulu ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, ali wosweka mtima kapena wataya chidwi pa zimene ankakonda, pamodzi ndi zizindikiro zina monga kusintha kwa tulo ndi kadyedwe, kufooka, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kudziimba mlandu mopitirira muyeso ndi kuganiza za imfa. Panyumba zimenezi sizioneka ngati mndandanda wa m'buku. Mayi amene ankadzuka m'bandakucha amayamba kukhala m'chipinda mpaka masana makatani ali otseka, wophunzira wa pa Curtin University amasiya kupita m'kalasi ndipo sayankha mauthenga a pa WhatsApp, bambo amene ankatsogolera kwaya amakhala duu pampando osadziwa choyamba. Pa bipolar, mosiyana ndi kukhumudwa kwa anthu ena, wodwala kawirikawiri amagona mopitirira, amamva manja ndi miyendo kulemera, ndipo amayankha mochedwa ngati funso likuchokera kutali. Ambiri sanena kuti akhumudwa, koma amadandaula mutu, kuwawa kwa thupi lonse, mtima kuthamanga kapena kuganiza kwambiri, ndipo m'poyenera kuti dokotala ayeze magazi kuti aone ngati chithokomiro chikugwira bwino ntchito kapena ngati magazi sanachepe, popeza zimenezi nazo zimafooketsa munthu.

Kudziimba mlandu kumakhala kolemera mwapadera kwa munthu amene anasiya abale kumudzi akumudalira. Amene amatumiza fizi ya ana a mlongo wake, ndalama za feteleza ndi chipepeso cha maliro, akalephera kugwira ntchito kwa mwezi umodzi amadziona kuti wagwetsa mtundu wonse, ndipo matendawa amakulitsa maganizo amenewa mpaka munthu kukhulupirira kuti ndi mtolo kwa aliyense. Kwa ena kukhumudwa kumafika pokhulupirira zinthu zimene kulibe, monga kuti apolisi akubwera kudzawatenga, kuti ali ndi tchimo losakhululukidwa, kapena kumva mawu owanyoza pamene palibe wolankhula. Zikafika pamenepa wodwala ayenera kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo.

Palinso nyengo yosakanizika, imene imasocheretsa ngakhale osamalira odziwa, pamene mtima uli pansi koma thupi lili pa liwiro: munthu sagona, amayendayenda m'nyumba usiku, amapsa mtima msanga, maganizo amathamanga, koma onse ndi a kutaya mtima. Nyengo imeneyi ndi yoopsa kuposa zonse, chifukwa munthu amakhala ndi maganizo a imfa pamodzi ndi mphamvu zowachitira.

Zimene dokotala sangazione yekha

Munthu wotsika akakhala pamaso pa dokotala wa banja, amene kuno amatchedwa GP, palibe chizindikiro chimene chimasiyanitsa motsimikizika kukhumudwa kwa bipolar ndi kukhumudwa kwina kulikonse, ndipo palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kungasonyeze kusiyanako. Chimene chimasiyanitsa ndi mbiri, ndipo mbiriyo imasungidwa ndi banja. Wodwala mwini wake sakumbukira hypomania ngati matenda, chifukwa kwa iye inali nthawi imene anali wathanzi, wanzeru ndi wolimbika, pamene anagwira mashifiti atatu motsatizana, anayamba mabizinezi awiri ndi kugula galimoto pa ngongole m'sabata imodzi. Mkazi wake, mlongo wake kapena mnzake wogona naye nyumba imodzi ndiye amene anaona kuti munthuyo sankagona. N'chifukwa chake odwala ambiri amatha zaka zingapo akuthandizidwa ngati okhumudwa wamba asanadziwike kuti ali ndi bipolar.

Kusiyanitsaku kuli ndi zotsatira zenizeni. Mankhwala wamba a kukhumudwa, monga sertraline, fluoxetine, venlafaxine kapena amitriptyline, akaperekedwa okha kwa munthu wa bipolar angathe kumukankhira ku mania, kumulowetsa m'nyengo yosakanizika, kapena kuchititsa kuti nyengo zizisinthana pafupipafupi. Ngakhale ataphatikizidwa ndi mankhwala okhazikitsa mtima, phindu lawo si lalikulu monga anthu amaganizira: kafukufuku wamkulu wa STEP-BD, wofalitsidwa m'chaka cha 2007, anapeza kuti kuwonjezera mankhwala a kukhumudwa sikunachiritse odwala ambiri kuposa piritsi lopanda mankhwala. Choncho wachibale amene akuperekeza wodwala kwa dokotala achita bwino kufotokoza nthawi zonse zimene munthuyo anakhalapo masiku anayi kapena kuposerapo akugona pang'ono koma ali ndi mphamvu zachilendo, ndiponso kutchula achibale a kumudzi amene anagonekedwapo ku Zomba Mental Hospital, amene ankanenedwa kuti mutu unawasokonekera, kapena amene anadzipha. Nkhani zoterezi mabanja ambiri amazibisa, koma m'chipinda cha dokotala n'zofunika kuposa china chilichonse chimene wachibale angabweretse. Lamulo losunga chinsinsi cha wodwala lingaletse dokotala kuulula zina kwa achibale, koma silimuletsa kumva zimene achibale akunena.

Mankhwala ndi chisamaliro chimene amafuna

Mankhwala akale kwambiri pa matendawa, amene mpaka lero akudaliridwa, ndi lithium, ndipo mbiri yake inayambira m'dziko lomwe lino, pamene dokotala John Cade, akugwira ntchito pa chipatala cha ku Bundoora mumzinda wa Melbourne, anafalitsa zotsatira zake mu Medical Journal of Australia m'chaka cha 1949. Mankhwala a lithium amateteza ku nyengo zonse ziwiri, ndipo pali umboni wamphamvu wakuti amachepetsa chiopsezo cha kudzipha. Vuto lake ndi lakuti mlingo wothandiza ndi mlingo wovulaza zili pafupi, motero magazi amayezedwa patatha maola 12 chimwereni mapiritsi omaliza, ndipo kwa odwala ambiri dokotala amafuna kuti muyeso ukhale pakati pa 0.6 ndi 0.8, pomwe kupitirira 1.5 kumakhala koopsa. Impso ndi chithokomiro zimayezedwanso miyezi ingapo iliyonse.

Mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo thupi likauma kapena mchere ukachepa, impso zimawasunga mpaka achuluke m'magazi. Ku Perth, kumene kuyambira December mpaka February kumatentha kwambiri, masiku ena kupitirira madigiri 35 ngakhale kufika 40, nkhani imeneyi si yaing'ono, makamaka kwa ogwira ntchito zomanga, a m'mafakitale a ku Welshpool ndi a kumigodi ya ku Pilbara. Wodwala ayenera kumwa madzi okwanira tsiku lonse, asasinthe mwadzidzidzi kuchuluka kwa mchere m'zakudya, ndipo akatsekula m'mimba, akasanza kapena akatentha thupi afunse dokotala kapena wa ku famase asanamwe mlingo wotsatira. Kusala kudya, kaya kwa mumpingo kumayambiriro kwa chaka kapena kwa Ramadan, kuyenera kukambidwa ndi dokotala kusanayambe, ndipo kusala kosamwa ngakhale madzi n'koopsa kwa munthu wa lithium. M'busa kapena shehe wachifundo sangafune kuti mkhristu kapena msilamu wake awononge impso. Mapiritsi opha ululu a mtundu wa ibuprofen ndi diclofenac, ogulitsidwa ndi maina a Nurofen ndi Voltaren popanda chikalata cha dokotala, amakweza lithium m'magazi, monganso mankhwala ena a BP, pomwe paracetamol, ndiye Panadol, sachita zimenezi. Kunjenjemera kwambiri kwa manja, kudzandira, kulankhula ngati woledzera, kusanza ndi kusokonezeka mutu ndi zizindikiro zakuti mankhwala achuluka, ndipo zikaoneka wodwala apite kuchipatala cha ngozi osadikira m'mawa.

Pa nyengo yotsika yeniyeniyo madokotala amagwiritsanso ntchito quetiapine, lurasidone, cariprazine ndi lamotrigine. Quetiapine amagonetsa ndipo amanenepetsa, motero shuga ndi mafuta a m'magazi ziyenera kuyezedwa, ndipo woyendetsa galimoto asamale m'masabata oyamba. Lamotrigine amayambidwa pang'onopang'ono kwa masabata pafupifupi 6 chifukwa akakwezedwa mofulumira angayambitse zidzolo zoopsa, ndipo totupa tilitonse ta pakhungu, zilonda za m'kamwa kapena kufiira kwa maso m'miyezi yoyamba ziyenera kuonedwa tsiku lomwelo. Amene wadumphitsa masiku angapo asayambirenso pa mlingo wakale asanafunse. Valproate ndi woopsa kwa mwana wosabadwa, popeza pafupifupi mwana 1 pa 10 alionse amabadwa ndi chilema, ndipo ambiri kuposa apa amachedwa kukula m'nzeru, choncho mayi wa msinkhu wobereka ayenera kukambirana ndi dokotala za njira ina. Mayi amene akufuna kutenga pathupi, kapena wazindikira kuti ali ndi pakati, asasiye mankhwala alionse payekha koma aonane ndi dokotala msanga, chifukwa masabata oyamba atangobereka ndi nthawi imene matendawa amabwerera mwamphamvu. Zipatala za King Edward Memorial ku Subiaco ndi Fiona Stanley ku Murdoch zili ndi mawodi ogoneka mayi pamodzi ndi khanda lake.

Mankhwala onsewa sagwira tsiku limodzi. Kusintha kumaoneka patapita masabata, ndipo nyengo yotsika kwa ambiri imatenga miyezi itatu kapena inayi, kwa ena kuposerapo. Kumene mankhwala alephera, kapena wodwala wasiya kudya ndi kumwa, pali chithandizo cha magetsi chotchedwa ECT, chimene chimaperekedwa munthu atagonetsedwa tulo, chimathandiza mofulumira, ndipo vuto lake lodziwika ndi kuiwala zinthu za masiku ozungulira chithandizocho. Mowa ndi chamba zimakulitsa kukhumudwa ndipo zimalimbana ndi mankhwala, ndipo zitsamba za St John's wort, zogulitsidwa m'mafamase ngati zothandiza mtima, zingayambitse mania.

Wotchi ya panyumba

Palibe chimene chimagwedeza matenda a bipolar ngati kusokonekera kwa tulo, ndipo apa ndi pamene banja lili ndi mphamvu zimene dokotala alibe. Thupi lili ndi wotchi yake imene imatsata kuwala, nthawi ya chakudya ndi nthawi yocheza ndi anthu, ndipo mwa anthu a bipolar wotchi imeneyi siichedwa kusokonekera. Chithandizo china cha uphungu, chokonzedwa ndi Ellen Frank ku Pittsburgh, chagona pa mfundo yokhayi yakuti munthu azidzuka, kudya, kuyamba zochita ndi kugona pa nthawi zofanana tsiku lililonse, ndipo malangizo a Royal Australian and New Zealand College of Psychiatrists a m'chaka cha 2020 amaika tulo, zakudya, kulimbitsa thupi ndi kusiya mowa ndi fodya patsogolo ngati maziko a chithandizo chonse.

Moyo wa obwera ku Perth umalimbana ndi mfundo imeneyi mbali zonse. Ambiri amagwira ntchito ya unamwino, yosamalira okalamba kapena anthu olumala, kumene mashifiti a usiku amalipira bwino, ndipo ena amapita kumigodi pa ndege kukagwira masabata a usana ndi a usiku mosinthana. Kwa munthu wa bipolar ndalama za shifiti ya usiku zingadule kuposa phindu lake, ndipo kalata ya dokotala yopempha mashifiti a masana okha ndi chinthu chimene malamulo oletsa tsankho kwa odwala ndi olumala amafuna kuti wolemba ntchito achiganizire moyenera. Chinthu china, chimene sichilembedwa m'mabuku a madokotala, ndi foni ya kumudzi. Perth ali patsogolo pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi maola 6, motero abale akamaimba 8 koloko madzulo atatha kudya nsima ku Lilongwe kapena ku Chipata, ku Cannington imakhala 2 koloko usiku, ndipo nkhani zake kawirikawiri zimakhala za matenda, maliro ndi ndalama. Banja lingagwirizane kuti foni ya wodwala izizimitsidwa usiku, kuti kucheza ndi kumudzi kuzichitika madzulo a kuno, amene ndi masana kumeneko, ndiponso kuti pa nyengo yotsika zopempha za ndalama zizipita kwa wachibale wina.

Munthu wotsika amadikira kuti mphamvu zibwere kenako achite kanthu, koma pa matendawa mphamvu zimabwera pambuyo pa kuchita, pang'onopang'ono. Wosamalira angayambe ndi chinthu chimodzi chochepa pa nthawi yokhazikika, monga kutsegula makatani m'mawa, kusamba, kumwa tiyi pakhonde, kenako kuyenda limodzi mphindi zochepa m'mbali mwa mtsinje ku Canning River Regional Park cha ku Kent Street Weir, kapena kukakhala mu laibulale ya ku Cannington Leisureplex. Kuwala kwa m'mawa kumathandiza kwambiri m'miyezi yozizira ya June mpaka August, pamene masiku amafupika ndipo mvula imasunga anthu m'nyumba. Phokoso la ku Westfield Carousel tsiku Loweruka lingakhale lolemetsa kwa munthu amene wangoyamba kutuluka. Zisankho zikuluzikulu, monga kusiya ntchito, kusiya sukulu, kuthetsa ukwati kapena kubwerera kumudzi kotheratu, ziyenera kudikira mpaka nyengoyo itadutsa. Kakope kolembamo tsiku lililonse maola a tulo, mmene mtima unalili ndi mankhwala amene amwedwa kamathandiza dokotala, ndipo kamachenjeza banja ngati tulo tayamba kuchepa pamene mphamvu zikuchuluka mwadzidzidzi, chimene sichikhala kuchira koma chiyambi cha kukwera.

Mawu a panyumba ndi a mumpingo

Mawu akuti "Limba mtima, ndiwe mwamuna" kapena "Munthu uli ku Australia ungadandaule chiyani?" amanenedwa ndi cholinga chabwino, koma wodwala amawamva ngati chigamulo chakuti ndi wosayamika. Othandiza ndi mawu afupi amene samukakamiza kuyankha, monga akuti "Achimwene, matenda ndi amene akukulemetsani, si ulesi, tiyeni tikhale limodzi pano." Kafukufuku wa David Miklowitz ndi anzake anaonetsa kuti kuphunzitsa banja lonse za matendawa ndi kuchepetsa kudzudzulana panyumba kumachepetsa kubwerera kwake, ndipo ku Barcelona, Francesc Colom ndi Eduard Vieta anapeza zofanana m'chaka cha 2003 pa odwala ophunzitsidwa m'magulu. Mapemphero ndi kuyendera kwa a mumpingo zimalimbitsa ambiri ndipo siziyenera kunyozedwa. Choipa ndi chiphunzitso chakuti kumwa mankhwala ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, kapena kuti munthu walodzedwa ndi a kumudzi a nsanje ndipo ataye mapiritsi, chifukwa kusiya lithium mwadzidzidzi kumabweretsa matenda mofulumira ndipo kumakweza chiopsezo cha kudzipha. Mapemphero a usiku wonse nawonso si oyenera munthu amene thanzi lake ladalira tulo.

Za kudzipha

Anthu a bipolar ali pachiopsezo cha kudzipha chochuluka kakhumi kapena kuposerapo poyerekeza ndi anthu ena, ndipo chiopsezocho chimakula m'nyengo yotsika, m'nyengo yosakanizika, ndi m'masabata oyamba munthu atatuluka m'chipatala. Kufunsa mwachindunji sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, ndipo kawirikawiri kumamupepuza. Funso likhale lomveka, monga lakuti "Amayi, kodi maganizo ofuna kudzipha akumakubwererani? Mwaganizapo njira yake?" Kugawa katundu, kutsanzika, kulemba mauthenga opepesa, kusonkhanitsa mapiritsi, kapena kudekha kwadzidzidzi pambuyo pa masabata a kuvutika, ndi zizindikiro zosayenera kuzengereza nazo. Wodwala asasiyidwe yekha, mankhwala onse a m'nyumba atsekeredwe, ndipo wa ku famase angapemphedwe kupereka mapiritsi a sabata imodzi yokha, okonzedwa mu Webster-pak. Ku Malawi lamulo lakhala likuwerengera kuyesa kudzipha ngati mlandu kwa zaka zambiri, ndipo ena amabwera ndi mantha amenewa, koma ku Western Australia si mlandu, ndipo woimba foni amaitana chithandizo osati chilango.

Moyo ukakhala pangozi nambala ndi 000. Mental Health Emergency Response Line imayankhidwa ndi achipatala usana ndi usiku pa 1300 555 788, Lifeline pa 13 11 14, ndipo munthu akamwa mapiritsi ochuluka, ngakhale akuoneka kuti ali bwino, Poisons Information Centre ili pa 13 11 26. Chipatala cha Bentley chilibe mbali ya ngozi, motero pa changu malo ake ndi Royal Perth, Fiona Stanley kapena Armadale.

Kokapeza thandizo, ndi mantha amene amatsekereza njira

Khomo loyamba ndi GP, amene angalembe dongosolo la chithandizo cha maganizo lothandiza kuti Medicare ilipireko maulendo ofika 10 pachaka kwa katswiri wa uphungu, ndiponso angatumize wodwala kwa dokotala wa matenda a maganizo kapena ku Bentley Health Service pa Mills Street, kumene kuli chithandizo cha boma cha odwala ochokera kunyumba ndi ogonekedwa. Achinyamata a zaka 12 mpaka 25 angayambire ku headspace ya ku Cannington, bungwe la Richmind WA, limene kale linkatchedwa Richmond Wellbeing, limathandiza anthu pa ulendo wa kuchira, ndipo HelpingMinds imathandiza achibale osamalira odwala, amene nawonso amatopa, amakwiya ndipo amafunika wowalandira ntchito kuti apume. Ophunzira ochokera kunja, amene alibe Medicare, ayang'ane zimene inshuwalansi yawo ya OSHC imalipira ndipo agwiritse ntchito aphungu a pa yunivesite. Womasulira angapemphedwe kudzera ku TIS National pa 131 450, ndi bwino kufunsiratu za wa Chichewa kapena Chinyanja, ndipo mwana asaikidwe kumasulira nkhani za kudzipha za kholo lake.

Lamulo la Mental Health Act 2014 la Western Australia limalola wodwala kusankha munthu womuimira, limapatsa achibale osamalira ufulu wodziwitsidwa ndi kutenga nawo mbali pa dongosolo la chithandizo, ndipo amene wagonekedwa mosafuna amathandizidwa ndi Mental Health Advocacy Service komanso nkhani yake imaunikidwa ndi Mental Health Tribunal. Kusankha womuimira, ndi kulemba limodzi zoyenera kuchitika matenda akadzabwerera, kuyenera kuchitika pamene munthu ali bwino. Anamwino ambiri amabisa matendawa poopa kutaya chiphaso chawo, koma kudwala pakokha si chifukwa chochotsera munthu ntchito, ndipo ku Western Australia dokotala amene akuthandiza wogwira ntchito zachipatala sakakamizidwa ndi lamulo kukamunenera ku bungwe la AHPRA, loyang'anira ziphaso za ogwira ntchito zachipatala. Mafunso a visa apite kwa loya kapena mlangizi wovomerezeka wa zolowa m'dziko, ndipo asakhale chifukwa chosiyira mankhwala, popeza matenda osathandizidwa ndiwo amene amatayitsa ntchito ndi sukulu zimene visayo yadalira.

Ulendo wa kumudzi

Ambiri amaganiza kuti kukaona abale kungachiritse munthu wotsika, ndipo nthawi zina kumamutsitsimutsadi, koma ulendowo uli ndi zoopsa zake zimene ziyenera kukonzekeredwa. Kusiyana kwa nthawi kwa maola 6 pakati pa kuno ndi kumudzi, pamodzi ndi kuchezera pa maliro kapena pa ukwati, kumasokoneza tulo ndipo kungayambitse nyengo yatsopano, motero dokotala afunsidwe za nthawi yomwera mankhwala ndi njira yotetezera tulo m'masiku oyamba. Wodwala anyamule mankhwala okwanira ulendo wonse ndi masabata ena owonjezera, m'chikwama cha m'manja, ali m'mabokosi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala, chifukwa ena mwa mankhwalawa ndiponso kuyeza lithium m'magazi sizipezeka paliponse kumudzi. Mankhwala oteteza malungo a mefloquine, odziwikanso kuti Lariam, saloledwa kwa munthu amene ali ndi matenda a maganizo, ndipo dokotala wolemba mankhwala a ulendo ayenera kuuzidwa za bipolar kuti asankhe ena. Kutsekula m'mimba ndi malungo zimaumitsa thupi, choncho malangizo a lithium amagwira ntchito kumeneko mofanana ndi kuno. Matenda akabwerera ali ku Malawi, zipatala za maboma zili ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo amene angatumize wodwala ku Zomba Mental Hospital, ndipo St John of God ili ndi chithandizo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Wachibale mmodzi wa kumudzi, wodalirika ndi wosunga pakamwa, auzidwe za matendawa ndi maina a mankhwala ulendo usanayambe.